Funsani Aphunzitsi: Metical ya m'thumba mwanu ndi masultani a kunyanja

Makalata atatu a mwezi uno agwera pa nkhani imodzi ngati olembawo anachita kupangana, choncho ndawayankha motsatizana. Amene munafunsa za malire a minda, pepani, mudikire mwezi wamawa.

Funso

Aphunzitsi, ine ndimagula mbatatesi kuno ku Tsangano n'kukagulitsa ku Tete. Tsiku lina tikudikira galimoto tinakangana ndi mnzanga wa Chisilamu amene amagulitsa zitenje. Iye akuti dzina la ndalama yathu, metical, ndi la Chiarabu. Akutinso Asilamu anafika ku Tete Apwitikizi asanabwere, ali ndi mafumu awo olemera otchedwa masultani. Ine ndinakana, mpaka tinabetcherana thumba la mbatatesi. Ngati analidi olemera chotero, nanga chuma chawocho chili kuti lero? Tiweruzeni.
Wogulitsa mbatatesi, Tsangano

Yankho

Achimwene, konzani thumbalo, ndipo musamubisire zing'onozing'ono pansi. Mnzanuyo wapambana. Pamene wathira mchere wambiri ndi pamodzi pokha: ku Tete kuno kunalibe sultani, kunali amalonda. Masultaniwo ankakhala kunyanja yamchere.

Tiyambe ndi ndalamayo. Mu Juni 1980 ndinali mnyamata wongoyamba kumene kuphunzitsa, ndipo ndikukumbuka mzere umene tinaima pa Ulónguè, aliyense atafumbata ma escudo ake, azimayi atawamanga pa nsonga ya chitenje, kudikira kuti atisinthire. Gogo wina amene anali patsogolo panga atalandira pepala lake analitembenuza kawiri katatu, n'kundifunsa kuti Metikali ameneyu ndi mtsogoleri wa kuti. Ine mphunzitsi wathunthu ndinangoti kukamwa yasa. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti dzinalo ndi lakale kuposa Frelimo, lakale kuposa Apwitikizi m'dziko muno. Likuchokera ku liwu la Chiarabu lakuti mithqal, muyeso wa golide wolemera magalamu 4 ndi kachidutswa. Golide wafumbi wochokera kumtunda ankayezedwa ndi muyeso umenewu ku Sofala, kenako ku Sena ndi ku Tete, ndipo Apwitikizi ataupeza anangoutengera n'kumalemba metical. Ngakhale liwu lathu lakuti ndalama, odziwa zilankhulo amalilondola mpaka ku dirham ya Aarabu, ndipo kwa Ashona liwu lakuti ndarama limatanthauzanso golide.

Sultani wamkulu wa malonda amenewa ankakhala pa Kilwa, kachilumba ka kum'mwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania. Pachilumbapo panalibe mgodi ngakhale umodzi. Chimene chinawalemeretsa ndi mphepo.

Inu mumaudziwa mwera umene umatiwomba mu Juni ndi Julayi. Pa nyanja ya India mphepo imasunga kalendala kuposa chapa, minibasi yathu ija. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi imachokera kumpoto, Aswahili amaitcha kaskazi, ndipo inkakankha zombo za matanga kuchokera ku Arabia ndi ku India kubwera kuno. Cha mu Epulo imatembenuka, amaitcha kusi, n'kuzibweza kwawo. Mwini chombo akafika pa Kilwa ankatha kutsitsa katundu, kugula wina, n'kubwerera kwawo nyengo yomweyo. Akachita khama lopitirira mpaka ku Sofala, makilomita opitirira 1,000 kum'mwera, mphepo yobwerera inkamuthawa n'kugona chaka chathunthu kwa eni. Tsono zombo zazikulu zinkathera pa Kilwa. Ngalawa za eni chilumbawo ndi zimene zinkatsika ku Sofala zitasenza nsalu za ku Gujarat ndi mikanda yagalasi, n'kubwerako ndi golide ndi minyanga ya njovu. Cholowa chinkalipira msonkho kwa sultani, chotulukanso chimodzimodzi. Ndi ntchito yanu yomweyo, achimwene. Inu simulima mbatatesi, simuzidyanso. Mumangodziwa pamene mlimi walekezera ndi pamene galimoto imayambira, ndipo phindu lanu lili pakati pamenepo.

Mbiri imene eni ake analemba imati munthu wina dzina lake Ali bin al-Hasan, wochokera ku Shiraz ku Persia, anagula chilumbacho kwa mfumu ya pamalopo ndi nsalu zokwanira kuzinga chilumba chonse. Nkhani ya nsaluyo ili ndi fungo la nthano, koma munthuyo analikodi, chifukwa makobili olembedwa dzina lake anapezeka. Atsamunda ankakonda kuphunzitsa kuti mizinda imeneyi inamangidwa ndi alendo okhaokha, ngati kuti munthu wakuda sangayale mwala pa mwala unzake. Zofukulidwa pansi zikukana. Anthu ankakhala pa Kilwa kale m'zaka za m'ma 800, akuumba miphika ngati ya anzawo a kumtunda, ndipo Chiswahili ndi chilankhulo chachibale ndi chathu chomwe. Kafukufuku wa mafupa a m'manda akale a m'mizinda ya Aswahili, amene anafalitsidwa mu 2023, anaonetsa kuti cha m'ma 1000 amuna ochokera ku Persia anakwatira akazi a ku Africa konkuno. Mwa chikhalidwe chathu cha Achewa, mwana ndi wa kwa mayi. Ine sindivutika n'kunena kuti masultani a Kilwa anali Aafirika.

Pachimake panafika m'nthawi ya sultani al-Hasan ibn Sulayman, amene analamulira kuyambira cha m'ma 1310 mpaka cha m'ma 1333. Iyeyu anakuza mzikiti waukulu wa pachilumbapo, n'kumanga nyumba yachifumu yotchedwa Husuni Kubwa pamwamba pa phiri loyang'ana kunyanja, ya miyala ya m'nyanja yomata ndi njereza, zipinda zopitirira 100, dziwe losambiramo la mbali zisanu ndi zitatu, ndi bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi zipinda zosungiramo katundu. Ndimakonda kuwauza ana kuti ayang'anitsitse bwalo limenelo. Nyumba ya mfumu theka lake inali sitolo.

Mu 1331 kunafika mlendo wa ku Tangier ku Morocco, Ibn Battuta, amene anayenda maiko ambiri kuposa munthu aliyense wa nthawi yake. Anati Kilwa ndi umodzi mwa mizinda yokongola kwambiri, ndipo anasimba zimene anaona Lachisanu lina. Sultani akutuluka mu mzikiti, mmphawi wina wa ku Yemen anamuitana ndi dzina lake lomutamandira, Abu al-Mawahib, kutanthauza tate wa mphatso, n'kumupempha zovala zimene anavalazo. Sultani anavomera. Mmphawiyo anati akuzifuna nthawi yomweyo. Sultani anabwerera mu mzikiti, anakasintha, n'kumupatsa. Anthu anagoma. Mwana wa sultani anaombola zovalazo kwa mmphawiyo ndi akapolo khumi, ndipo bambo ake atamva kuti anthu akutamanda, anawonjezera akapolo ena khumi ndi mitolo iwiri ya minyanga.

Nkhani imeneyi ndinkaiwerenga m'kalasi ndi mawu okoma, mpaka chaka china mtsikana wa ku Dómuè anakweza dzanja n'kufunsa kuti akapolo makumi awiriwo anali ana a yani. Ibn Battuta yemweyo amayankha: sultaniyu ankapita kawirikawiri kukathira nkhondo anthu a kumtunda osapembedza Chisilamu n'kubwerako ndi zofunkha. Kuyambira tsiku limenelo ndikamasimba za kupatsa kwa mfumuyi ndimasimbanso za amene ankaperekedwawo.

Umboni wakuti chuma chimenechi chinkachokera kumtunda kwathu kuno ulipo wogwirika ndi manja. Pa mabwinja a Great Zimbabwe panapezeka kobili la mkuwa la al-Hasan ibn Sulayman yemweyo, komanso zidutswa za mbale za ku China ndi ku Persia. Wokumba golideyo anali mlimi wamba, amene akamaliza kukolola ankapita kumtsinje kapena kudzenje. Mukaona anyamata athu a garimpo, okumba golide pamanja, ku Chifunde ndi ku Macanga, matope thupi lonse, akupereka kafumbi kawo kwa munthu wa kasikelo amene wangofika pa njinga yamoto, mwaona chithunzi cha zaka 700 zapitazo.

Tsopano za kugwa. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Al-Hasan atamwalira analowa m'bale wake Daud, amene Ibn Battuta anamva kuti ankauza opempha kuti wopatsa uja anafa osasiya kanthu. Anthu amati anali womana. Ine ndimaganiza kuti anangotsegula nkhokwe n'kupeza mbewa zokha. Posakhalitsa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1340, mliri waukulu unasesa Egypt, Arabia ndi Ulaya, kumene kunali ogula. Husuni Kubwa inasiyidwa isanakhalitse, mbali ina ya mzikiti waukulu inagwa n'kukhala yosakonzedwa kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1400 Kilwa inadzukanso, mzikiti unakonzedwa, nyumba zamiyala zinamangidwa pa chilumba choyandikana cha Songo Mnara. Koma nthenda yeniyeni inali ikubwera kuchokera kuno.

Cha m'ma 1450 Great Zimbabwe inayamba kuchepa mphamvu, ndipo ufumu wa Mwene Mutapa unakula kumpoto, kufupi ndi Zambezi. Golide wa ku Mazowe ndi ku Luenha analibenso chifukwa choyendera mtunda wautali kupita ku Sofala pamene mtsinje waukulu unali pakhomo. Anthu ena a ku Kilwa amene anayambana ndi anzawo anakakhazikitsa ufumu wawo ku Angoche, m'chigawo cha Nampula lero, ndipo amalonda awo ankalowa cha ku Quelimane n'kukwera Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete. Awa ndiwo Asilamu amene mnzanuyo akunena. Apwitikizi anadzakhazikika pa Sena ndi pa Tete m'zaka za m'ma 1530, atapeza misika ilipo kale.

Inu amene mumayenda msewu wa Tete mudzamvetsa msanga. Mlamu wanga ankaphika nsima ndi nkhuku pafupi ndi mlatho wa Samora Machel, nthawi imene magalimoto akuluakulu ankandanda pamenepo kudikira kuwoloka. Anamanga nyumba ya malata, anaphunzitsa ana atatu. Mu 2014 anatsegula mlatho wa Kassuende, magalimoto olemera n'kuyamba kudutsa kumeneko. Palibe anamulanda mphika, palibe anamuotchera banca. Nsima yake inali yokoma monga kale. Msewu unangosamuka. Ndi zimene zinaichitikira Kilwa, ndipo m'malo mogwirizana, akuluakulu ake anayamba kulimbirana mpando. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 nduna ndizo zinkaika ndi kuchotsa masultani, mpaka nduna ina dzina lake Ibrahim inangodzitengera ulamuliro. Ku Sofala, mtsogoleri wokalamba ndi wakhungu dzina lake Yusuf anali atasiya kumvera Kilwa.

Apwitikizi anapeza mtengo utadyedwa kale ndi chiswe. Vasco da Gama anafika pa chilumba cha Mozambique mu 1498. Pa ulendo wachiwiri mu 1502 anafika pa Kilwa, naopseza Ibrahim ndi mizinga n'kumulipiritsa ma mithqal 1,500 a golide, makilogalamu opitirira 6. Mu Julayi 1505 Francisco de Almeida analanda mzindawo n'kuufunkha, ndipo chaka chomwecho Pêro de Anaia anayamba kumanga linga pa Sofala. Yusuf anaphedwa chaka chotsatira. Koma atagwira khomo, golide amene ankayembekezera sanabwere wokwanira, chifukwa ankatulukira kuseri, njira ya Zambezi ndi Angoche. Pofika 1512 anali atalisiya linga lawo la pa Kilwa, poona kuti likungowadyera ndalama.

Mwafunsa kuti chumacho chili kuti. Golide wa 1502 uja ali ku Lisbon. Anamusula n'kupanga chotengera cha Ukalistia chotchedwa Custódia de Belém, chimene chinamalizidwa mu 1506, ndipo chili m'nyumba yosungiramo zakale ya Museu Nacional de Arte Antiga. Mabwinja a Kilwa ndi Songo Mnara alipo, UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 1981. Sofala yakale inamezedwa ndi nyanja, ndipo miyala ya linga la Apwitikizi lija inatutidwa kukamangira tchalitchi chachikulu cha ku Beira. Chotsala ndi dzina limene lili m'thumba mwanu, lija tinalichotsera maziro atatu mu 2006.

Funso

Aphunzitsi, ndili mu kalasi 10. Kodi sultani ndi mfumu n'chimodzimodzi? Ndipo pa mayeso akatifunsa chifukwa chimene maufumu a Chisilamu akale anagwera, ndikangolemba kuti azungu anabwera ndi mfuti, ndikhoza?
Mwana wa sukulu, Zóbuè

Yankho

Mwanawe, ukhoza kupeza theka la malikisi, koma kwa ine ukanapeza ochepera.

Liwu lakuti sultani m'Chiarabu poyamba linkatanthauza mphamvu kapena ulamuliro. Mtsogoleri wa Asilamu onse, wolowa m'malo mwa Mneneri Muhammad pa zoyendetsa anthu, ankatchedwa khalifa, ndipo kwa zaka pafupifupi 500 ankakhala ku Baghdad. Mphamvu za khalifa zitayamba kuchepa, akuluakulu a asilikali m'madera akutali anayamba kudzilamulira okha, kwinaku akumutchulabe khalifa m'mapemphero a Lachisanu ndi pa makobili. Amenewa ndiwo masultani. Mahmud wa ku Ghazni, ku Afghanistan, amene anamwalira mu 1030, ndiye amatchulidwa kuti anali woyamba kudziwika ndi dzinali. A Mongol atawononga Baghdad mu 1258, dziko la Chisilamu linatsala m'manja mwa masultani kuyambira ku Morocco mpaka ku Malacca.

Awiri akuluakulu uwadziwe. Ku Egypt kunali a Mamluk, kuyambira 1250 mpaka 1517. Dzinalo limatanthauza munthu wokhala ndi mwini, kapolo. Ankagula anyamata ku zigwa za kumpoto kwa Black Sea ndi ku mapiri a Caucasus, n'kuwaphunzitsa Chisilamu, kukwera kavalo ndi kuponya mivi, kenako n'kuwamasula kuti akhale asilikali. Mwa iwo ndi mmene munkatuluka sultani. Ndiwo anaimitsa a Mongol pa Ain Jalut mu 1260, ndipo ankadyerera msonkho wa tsabola ndi zonunkhira za ku India zodutsa pa Nyanja Yofiira kupita ku Venice. Ku India kunali ufumu wa Delhi, kuyambira 1206 mpaka 1526, umene woyambitsa wake, Qutb al-Din Aibak, analinso kapolo poyamba. Ibn Battuta uja atachoka kuno anakagwira ntchito ya uweruzi ku Delhi, kwa sultani Muhammad bin Tughluq. Ameneyu ndi munthu woti umukumbuke. Analamula kuti makobili a mkuwa azigwira ntchito ngati a siliva, osaganiza kuti wosula aliyense akhoza kuwapanga kuseri kwa nyumba. Anthu anasula, n'kumalipira nawo msonkho, mpaka boma linawaombola ndi siliva weniweni. Anasamutsanso anthu a ku Delhi kupita ku likulu latsopano la Daulatabad, ulendo wa makilomita opitirira 1,000, kenako n'kusintha maganizo. Asanamwalire mu 1351, zigawo za kum'mwera ndi Bengal zinali zitapanduka kale.

Tsopano taona amene anawagwetsa. Delhi inafunkhidwa ndi Timur mu 1398, n'kumalizidwa ndi Babur pa Panipat mu 1526. Onsewa anali Asilamu. A Mamluk anagonjetsedwa ndi Selim wa ku Ottoman mu 1516 ndi 1517, Msilamu mnzawo. Mfuti zinalipo pa nkhondo zimenezi, inde, ndipo okwera pa kavalo a Mamluk ankanyansidwa nazo poziona ngati chida cha amantha. Koma mfutizo sizinali m'manja mwa azungu. Kumene Apwitikizi anagwira ntchito ndi panyanja: Kilwa mu 1505, nkhondo ya zombo ya ku Diu mu 1509 pamene Almeida yemwe uja anaphwanya zombo za a Mamluk ndi za ku Gujarat, ndi Malacca mu 1511.

Nthenda imene ndimaiona paliponse ndi ya ulowam'malo. Kwathu kuno mfumu ya Chichewa ikamwalira, mbumba imakhala pansi n'kusankha mwa abale ake kapena ana a mlongo wake. Kwa Angoni amayang'ana mwana wa kunyumba yaikulu. Mikangano imakhalapo, tonse taionapo, koma pali mwambo woti anthu n'kuulozera. Kwa masultani ambiri mwambo unali lupanga. Mwana, m'bale, nduna, mkulu wa asilikali, aliyense wokhala ndi anthu kumbuyo ankayesa mwayi wake, ndipo mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Maliro alionse a sultani ankatsegula chitseko, ndipo mdani wakunja ankangopeza wina wam'kati womuitana. Pa Kilwa Almeida sanavutike kupeza munthu wa mumzinda momwemo woti amuveke ufumu.

Ukafuna kumudabwitsa wokulemba mayeso, muuze za Sena. Mu 1561 wansembe wa Chijezuiti Gonçalo da Silveira anaphedwa ku likulu la Mwene Mutapa, ndipo Apwitikizi analoza chala amalonda a Chisilamu. Francisco Barreto ananyamuka ku Lisbon mu 1569 ndi gulu lalikulu la asilikali, nafika pa Sena kumapeto kwa 1571. Akavalo ake anayamba kufa, anthu akenso akudwala malungo. Mlimi aliyense wa m'chigwa cha Zambezi akanamuuza kuti ndi kashembe ndi udzudzu. Iye anakhulupirira kuti Asilamu a pa Sena akuthira poizoni m'msipu ndi m'madzi, ndipo anawagwira akuluakulu awo n'kuwapha mwankhanza zosaneneka. Akavalo anapitiriza kufa. Barreto mwiniwake anafera pa Sena pompo mu 1573, migodi ya golide asanaione. Ndipo Angoche, imene Apwitikizi anaiotcha mu 1511, inadzukanso, n'kukhala ndi masultani ake mpaka 1910. Ulembe zimenezi, mwanawe, koma ulembe mooneka bwino. Kalata yako ndaiwerenga ndi magalasi awiri.

Funso

Bambo, mwana wanga anabwera kuchokera ku sukulu ali wokhumudwa. Akuti anawerenga pa intaneti kuti makolo athu Amaravi, otchedwa Azimba, anapita ku Kilwa n'kukadya anthu a mumzindamo. Kodi n'zoona kuti ndife zidzukulu za odya anthu?
Mayi wa ana anayi, Furancungo

Yankho

Mayi, muuzeni mwanayo adye nsima yake mtima uli m'malo.

Nkhaniyo gwero lake lalikulu ndi wansembe wa Chidominiko, João dos Santos, amene anakhala ku Sofala, n'kufikanso ku Sena ndi ku Tete kuno, ndipo buku lake linasindikizidwa mu 1609. Iye analemba kuti m'zaka za m'ma 1580 gulu la Azimba linachoka ku Zambezi, linalowa pa Kilwa munthu wina wa pachilumbapo atalionetsa powolokera madzi akaphwera, linapha anthu zikwi n'kuwadya, linafika ku Mombasa mu 1589, kenako n'kugonjetsedwa pafupi ndi Malindi. Za ku Kilwazo iye sanazione ndi maso, anachita kumva.

Chimene chili chotsimikizika ndi cha kuno. Kumpoto kwa Zambezi kunalidi ankhondo amene Apwitikizi ankawatcha Azimba, ndipo olemba mbiri ambiri amawalumikiza ndi Lundu, mfumu ya Amang'anja ya ku chigwa cha Shire. Mu 1592 anagonjetsa ndi kupha akapitawo a Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete. Nkhondoyo inali ya minyanga ndi njira za malonda, pakuti Apwitikizi atathamangitsa amalonda a Chisilamu anafuna kuti aliyense azigulitsa kwa iwo okha, pa mtengo wawo. Munthu amene wakukwapula pamaso pa anthu, ukakafika kwanu sunena kuti anali mnzako wamba, umati chinali chilombo. Akatswiri ambiri a masiku ano amakayika ngati amene anafika ku Kilwa ndi ku Mombasa anali gulu lomwelo la ku Zambezi, ndipo dzina la odya anthu azungu a nthawi imeneyo ankalimata pa mtundu uliwonse umene wawavuta. Komanso inu a ku Macanga mbali yanu ndi ya Undi, amene likulu lake linali ku Mano m'chigawo chathu chomwechino, osati ya Lundu.

Umboni wina ndi wa Mpwitikizi mnzawo. Mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka pa Tete wapansi, atanyamula siliva amene ankati ndi wa ku Chicoa, pofuna kukakwera chombo kutali ndi adani ake a m'boma. Anadutsa m'dziko la Amaravi, analandiridwa kwa mfumu Muzura, anawoloka Shire, anadutsa Rovuma, ndipo anafika pa Kilwa atayenda masiku 53. Njira yonseyo ankalipira ndi nsalu ndi mikanda, anthu akumupatsa chakudya ndi omuperekeza. Palibe anamuika mumphika.

Ngati mwanayo akufuna nkhani yoona yoti imupweteke mtima, ndi iyi. Kilwa inadzapezanso malonda ena. Mu 1776 sultani wake anasainirana pangano ndi Mfalansa wina, Jean-Vincent Morice, loti azimupatsa akapolo 1,000 chaka chilichonse. M'zaka za m'ma 1800 doko latsopano la Kilwa Kivinje, kumtunda moyang'anana ndi dera lomwelo, linasanduka msika waukulu wa akapolo m'gombe lonselo, ndipo ambiri mwa ogulitsidwa pamenepo ankachokera ku maiko ozungulira nyanja ya Nyasa. Ankawoloka pa Nkhotakota ndi m'madoko ena, magoli ali m'khosi, minyanga ili pamutu, n'kutsata njira yofanana ndi imene Bocarro anayenda. Ku Zanzibar ankalembedwa kuti Wanyasa, ndipo ankalankhula chilankhulo chimene mwana wanuyo anakufunsirani funso lakelo.